Ulendo wa kumapanga wa kalabu ya pa yunivesite: mkati amatha, za pamtunda akonze

Amene bandulo ikukutherani ndikuuziranitu chigamulo musavutike mpaka pansi: ulendo wa weekend womwe kalabu ya zoyendayenda ya pa yunivesite imakonzera anthu oti sanalowepo m'phanga ndi wabwino, lembetsani, ine nyenyezi ndawapatsa zinayi mwa zisanu. Imodziyo ndawalanda chifukwa cha zomwe zimachitika musanalowe ndi mukatuluka. Mkati mwa phanga atsogoleri aja ntchito amaidziwa, pamenepo sindinganame. Koma za mauthenga, za zovala, za kuwerengera kuti mtsogoleri mmodzi angakwanitse anthu angati, eee pali ntchito.

Titalipira anaponya uthenga pa gulupu ya WhatsApp, mizere itatu basi, nthawi yonyamuka, malo okumanirana, kenako akuti bweretsani thawulo ndi zovala zoti zikada simudandaula. Nde munthu woti mapanga amangowaonera pa YouTube akamva choncho atenga chani? Jinzi yakale ndi tisheti ya kotoni. Theka la minibasi linabwera chonchi. Tafika ku nyumba yogona Lachisanu usiku, mtsogoleri wamkulu, mtsikana wa chaka chachinayi wamfupi koma woyankhula mosapsatira, wasuzumira m'zikwama zathu nkugwira kumutu, akuti mawa palibe alowe ndi jinzi. Chifukwa chake nchomveka ndithu, nsalu ya kotoni ikanyowa imasunga madzi, siuma, imamatirira pakhungu nkumakuyamwa kutentha, ndipo madzi amachotsa kutentha m'thupi mwachangu kuposa mpweya kuwirikiza pafupifupi ka 25. Chofunika ndi zovala za fleece kapena za ubweya, olo zija zothamangira zomwe zimauma msanga. Zonsezo nzoona, koma bwanji osanena Lolemba tili ku hostelo komwe tikanatha kubwerekana? Mapeto ake anatsegula bokosi la kalabu nkutigawira ma fleece akale onunkha nkhungu, ena opanda zipi, ndipo amene anachedwa kufika pa bokosi anavala majuzi awiri opyapyala nkumapemphera.

Ndalama yomwe timalipira imaphatikiza thiransipoti, pogona ndi zipangizo, ndipo poyerekeza ndi kugula wekha zinthu zimenezi sindikuona chodandaula. Helemeti iliyonse inali yabwino, yopanda mng'alu, malamba ake ogwira, ndipo asanatipatse ankaiyang'ana imodzi imodzi. Matochi a pamutu ambiri anali a Petzl, kampani ya ku France yomwe woyambitsa wake Fernand Petzl analinso munthu wolowa m'mapanga, nde zinthu zawo zimapirira matope ndi kugundidwa. Mabatire anali otchajidwa onse, palibe tochi yomwe inazima panjira. Pamenepo ndawombera m'manja. Koma ma ovololo, mayo. Zikuoneka kuti amene anagula ankaganiza kuti aliyense wokonda mapanga ndi mnyamata wamtali wa mapewa akulu, atsikana ang'onoang'ono anachita kupinda miyendo katatu nkumanga ndi tepi, ina inali yong'ambika kumatako pomwe pamafunika kwambiri poti theka la ulendo umayenda chokhala. Zotchinga maondo zinali zochepa, ndipo ichi musachitenge mopepuka, ngati muli ndi zanu olo zija za volleyball tengani. Majombo a labala analipo okwanira koma tengani sokosi zochindikala, ndi magolovesi a labala aja otsukira mbale amagwira ntchito bwino kwambiri, palibe anatiuza, tinangoona atsogoleri avala.

Loweruka m'mawa mpomwe ndinayamba kuwapatsa ulemu anthu amenewa. Usiku kunagwa mvula, osati yamkuntho, yongowaza koma yosalekeza, nde tikudzuka kunja kwacha bwinobwino dzuwa phwee, mtsogoleri uja akuti phanga lomwe analemba pa chithunzi choitanira anthu, lija lili ndi mtsinje mkati, sitipitako, tipita lina lopanda mtsinje. Mnyamata wina wa engineering anakwiya, akuti aise ife tinalipirira la mtsinje lija, taonani kunja kulibe ndi mtambo womwe. Mtsikana uja sanakweze mawu, anangoti man ndalama yako ndikubwezera pompano ukafuna, koma m'mene muja lero simulowa munthu. Kenako anafotokoza, ndipo ndi momwemo ndithu, madzi a m'phanga sayendera zomwe ukuona pakhomo. Mvula yomwe yagwa pamapiri kutali imalowa m'nthaka ndi m'ming'alu ya miyala, imatha maola ikuyenda, nkudzatulukira m'njira zopapatiza nthawi yomwe iwe uli mkati ukuganiza kuti kunja kuli dzuwa, ndipo njira yomwe unakwawa madzi ali m'zigongono pobwerera ukaipeza yadzadza mpaka kudenga. Aliyense amakumbukira ana 12 a timu ya mpira ndi kochi wawo omwe anatsekeredwa ndi madzi ku Tham Luang ku Thailand mu 2018, analowa pa 23 June, omaliza anatuluka pa 10 July, ndipo munthu mmodzi mwa opulumutsa, Saman Kunan, anafera momwemo. Ena amati aja anali ana osadziwa. Chabwino, nanga anthu 6 omwe anamira ku Mossdale Caverns ku England mu 1967? Amenewo anali odziwa mapanga, madzi sanawafunse satifiketi. Nde kalabu yomwe imatha kukhumudwitsa anthu omwe alipira chifukwa cha mvula ya usiku, ine imeneyo ndimaikhulupirira.

Asananyamuke analemba papepala maina athu onse, dzina la phanga, njira yomwe tidutse ndi nthawi yomwe tikuyenera kukhala titatuluka, nkusiyira munthu wotsala ku nyumba ija kuti nthawiyo ikakwana tisanaimbe foni, iye aimbire opulumutsa osadikira. Pansi pa nthaka netiweki kulibe, GPS sigwira, foni yako imangokhala kamera basi. Anatiuzanso zoti m'phanga salowa anthu ochepera anayi, kuti wina akavulala mmodzi atsale naye awiri akaitane thandizo, ndiponso kuti aliyense amayenera kukhala ndi tochi yapadera kuwonjezera pa ya pamutu. Ndipo osalumpha. Ichi anachibwereza mpaka chinatitopetsa, osalumpha olo pakhale pafupi bwanji. Bondo lomwe pamtunda ukanangokwera galimoto nkupita kuchipatala, mkati muja ndi nkhani ya anthu ambirimbiri kukunyamula pamachira m'malo omwe iwe wabwinobwino unadutsa chokwawa. Ku Wales mu November 2021 munthu wina atagwa m'phanga la Ogof Ffynnon Ddu zinatenga maola oposa 50 ndi anthu ongodzipereka pafupifupi 300 kuti amutulutse.

Khomo la phanga lathu linali kabowo pansi pa thanthwe koti ukhoza kudutsa pambali osadziwa kuti pali kanthu, umalowa miyendo patsogolo nkutsetsereka. Mkati mpweya wake ndi wachinyontho, fungo la dothi lonyowa, ndipo kazizidwe kake sikasintha masana ndi usiku, kamangokhala pafupi ndi avereji ya chaka chonse ya dera lomwe phangalo lili. Poyamba sumva kuzizira poti ukuyenda, ukukwawa, ukukwera miyala, thukuta kamukamu mu ovololo. Atsogoleri anali awiri, wina patsogolo wina kumbuyo, ndipo chomwe chinandisangalatsa nchoti samangotikoka ngati katundu, pa mphambano iliyonse ankatiuza kuti tembenukani muone kumbuyo mmene njira ikuonekera, chifukwa phanga pobwerera limaoneka lina, ndipo pobwerera anasankha mwana wa chaka choyamba kuti atitsogolere iye, iwo akungomuyang'anira. Anasochera kamodzi, anamusiya ayende pang'ono mpaka anazindikira yekha.

Tsopano za malo opanikiza, poti ndikudziwa kuti ndi zomwe ambiri mukufuna kumva. Pafupifupi aliyense mu minibasi muja anali ataonera mavidiyo a Nutty Putty, phanga la ku Utah komwe mu 2009 munthu wina anakanirira chadodolido m'kanjira kopapatiza mpaka kumwalira, phangalo nkulitseka iye ali momwemo. Nde anthu amabwera ndi mantha amenewo. Pa ulendo wa oyamba kumene palibe zotero. Panali malo amodzi okha opanikiza, denga lotsika loti umagona chafufumimba nkumadzikankha ndi zala za kumapazi, kutalika kwake ngati matupi awiri, ndipo pambali panali njira ina yozungulira ya amene sakufuna. Mnyamata yemwe anali patsogolo panga, wamkulu thupi, anafika pakati nkuima. Ndinkangoona zidendene za majombo ake zikunjenjemera mu kuwala kwa tochi yanga, kupuma kwake kukumveka ngati wathamanga, akuti ndakanirira ndakanirira ndikokeni. Mtsogoleri uja anagona pansi kumbali inayo mpaka nkhope zawo zinayang'anizana, sanamugwire, sanamukoke, anangoyamba kumufunsa kuti man ukuphunzira chani, mayeso ako ndi liti, lekichala wanu uja adakalipo. Mnyamata akuyankha modukiza, kenako mpweya unayamba kubwerera m'malo. Ndiyeno anamuuza kuti simwala wakugwira, ndi batani la lamba lakola pa kamwala, bwerera mmbuyo pang'ono, tembenuza mutu helemeti igone chammbali, dzanja limodzi patsogolo lina m'mbali mwa thupi, tulutsa mpweya wonse kenako kankha. Anatuluka ngati palibe chinachitika. Munthu ukachita mantha umadzaza mpweya m'chifuwa nkuumitsa thupi, chifuwa chimakula, nde malo omwe umakwana umayamba kusakwana. Palibe anamuseka, ndipo atsikana awiri omwe anasankha njira yozungulira palibe anawanena. Pa ichi chokha nyenyezi zisanu.

Chomwe palibe amakuuza, chomwe sichili pa YouTube, ndi kudikira. Chakumapeto kuli potsika pa makwerero a waya, aja opyapyala okhala ndi timasitepe ta aluminiyamu, mtsogoleri atakumanga chingwe china m'chiuno kuti ukaphonya akugwire. Kutsika kwake ndi mamita ochepa chabe, katswiri wa mapanga wa ku France Édouard-Alfred Martel mu 1895 anatsika dzenje la Gaping Gill ku England la mamita pafupifupi 100 pa makwerero a chingwe, ife athu sanafike olo gawo limodzi mwa khumi koma miyendo inkagwedera, makwerero aja amazungulira, amakuthawa, ukakoka ndi manja okha umatopa pompo, umayenera kukumbatira makwerero pafupi ndi chifuwa nkumakwera ndi miyendo. Vuto nloti pamenepa pamadutsa munthu mmodzi nthawi imodzi. Ife tinali oposa khumi, atsogoleri awiri, aliyense kumumanga chingwe, kumulimbitsa mtima, kumutsitsa, kumasula, kubweza chingwe, powerengera zonse woyamba kutsika anakhala pansi paja kupitirira ola akudikira womaliza, ndipo pobwerera chimodzimodzi. Thukuta lija lomwe unatuluka pokwawa limasanduka mdani, ovololo yanyowa, wakhala pamwala wozizira, kamphepo kakudutsa m'njira, mano amayamba okha kugundana.

Mtsikana yemwe ndinakhala naye pafupi, amene njira yonse ankalongolola ndi kuseketsa anthu, anangoti zii. Ndikumufunsa akuyankha mawu amodzi amodzi, zala zikukanika kutsegula zipi ya thumba. Mtsogoleri wachiwiri anaona msanga, anamuimiritsa pamwala paja nkumukhazika pa chikwama, anatulutsa chithumba chachikulu cha pulasitiki cholowamo munthu nkumuveka, chipewa cha ubweya mkati mwa helemeti, chokoleti m'manja, nkutiuza awiri kuti timukhale mbali zonse mothithikana, kenako anamudumphitsa mzere kuti akwere msanga ayambe kuyenda. Thupi likatsika pansi pa madigiri 35 ndiye hypothermia imeneyo, ndipo zizindikiro zake zoyamba ndi zomwezi, kunjenjemera, kukhala chete, manja kulephera zinthu zazing'ono, kuyankhula mosokonekera. Anachita bwino kwambiri, sindikutsutsa. Koma funso langa nlakuti anafikiranji pamenepo? Yankho ndi chiwerengero. Kalabu inalandira anthu ambiri kuposa atsogoleri omwe inali nawo, kaya ndi chifundo chosafuna kubweza anthu kaya amafuna minibasi idzadze kuti mtengo utsike, koma gulu limenelija linkayenera kugawidwa pawiri, ena alowe m'mawa ena masana, kapena angochotsa za makwerero pa tsiku loyamba. Nyenyezi yomwe ndawalanda, theka lake ndi apa.

Pansi pa makwerero mpomwe pali chomwe tinavutikira. Chipinda chachikulu, tochi sifika bwino kudenga, kudengako kukulendewera ma stalactite oyera ena opyapyala ngati timapaipi, pansi ma stalagmite akukwera kukakumana nawo. Mtsogoleri anafotokoza mwachidule osatisandutsa kalasi, kuti madzi a mvula akamadutsa m'dothi amatenga mpweya wa carbon dioxide nkukhala ndi kaasidi kofooka, kameneko kamasungunula mwala wa laimu pang'onopang'ono kwa zaka zikwizikwi mpaka ming'alu isanduke njira zomwe tinkakwawamo, ndipo dontho lililonse likafika kudenga la phanga limasiya kachidutswa ka mwala uja lisanagwe. Ambiri amakula osakwana milimita imodzi pa chaka. Nde ukathyola kamodzi ndi helemeti yako wawononga chinthu choti zidzukulu za zidzukulu zako sizidzachionanso, ngakhale kungogwira ndi dzanja la matope umasiya banga lomwe mwala umadzaliphimba nkukhala mpaka kalekale. Panali tepi pansi yosonyeza poyenda ndipo pa ichi anali ankhanza, mnyamata wa engineering uja atapondera kunja kwa tepi kuti ajambule selfie anamubweza ndi mawu amodzi. Anatizimitsanso matochi onse kwa kamphindi, mdima wake ndi woti maso sazolowera olo udikire bwanji poti kulibe kuwala kulikonse koti agwire, wina anayetsemula tonse nkuphulika kuseka, basi zinathera pomwepo. Zithunzi za pa foni musayembekezere zambiri, mpweya wa m'kamwa umapanga nthunzi patsogolo pa kamera, zimatuluka mbuu, komanso foni yopanda chotchinga madzi isiyeni m'galimoto.

Potuluka mpomwe chisokonezo cha pamtunda chinabwerera. Kiyi wa minibasi anali ndi munthu yemwe anali kumapeto kwa mzere, nde oyamba kutuluka tinaima pamphepo ndi zovala zonyowa tikuyang'ana zikwama zathu zouma kudzera pawindo. Chinthu chaching'ono choti akanangobisa kiyi penapake pafupi ndi galimoto nkutiuza tonse, mmenenso zimathandizira wina akafuna kuthamangira thandizo. Posinthira palibe, ndi pambali pa msewu, thawulo m'chiuno, nde tengani thawulo lalikulu ndi thumba la pulasitiki loikamo zonyowa, musadalire kuti akupatsani. Ku nyumba kuja madzi otentha anathera anthu asanu oyamba. Pogona ndi mabedi osanjikizana m'chipinda chimodzi, bwerani ndi chofunda chanu ndi zotseka m'makutu poti pali anthu amaliza mkonono ngati akulipidwa. Koma macheza a usiku umenewo anali bho, anthu oti Lachisanu sitinkadziwana tinali tikuonetsana mabala a m'maondo, ndipo panali bambo wina wachikulire yemwe anali mu kalabuyi kalekale, amabwerabe kudzathandiza, anatifotokozera za nthawi yomwe ankalowa ndi nyali za kabaidi zoyaka moto weniweni pachipumi ma LED asanabwere, ndi za Mammoth Cave ku Kentucky komwe njira zomwe anthu ayeza zadutsa makilomita 650 ndipo akupezabe zina. Bambo amenewa akanakhala kuti ndi amene amalemba mauthenga a pa gulupu bwenzi zinthu zili bwino.

Lamlungu kunali kaphanga kakafupi ka amene akufuna, ena anatsala akugona ndipo palibe anawakakamiza. Thupi limawawa malo odabwitsa, m'mapewa, m'khosi chifukwa choyenda chowerama, m'mimba ngati unapanga ma sit-up. Simufunika kukhala munthu wa jimu, ngati mumatha kukwera masitepe a nyumba zosanja osapumira panjira mukwanitsa. Amene muli ndi asima, matenda a shuga, khunyu kapena bondo lovuta, uzani atsogoleri musanalipire, fomu yawo ili ndi kamzere kamodzi kokha ka zimenezi ndipo sindinaone wina akuiwerenga, nde kawauzeni pamaso, mankhwala anu muike m'kabotolo kosalowa madzi mulowe nawo.

Tisananyamuke anatigwiritsa ntchito yotsuka zipangizo zonse, ma ovololo, majombo, mahelemeti, ndi burashi mpaka matope onse achoke. Ena anang'ung'udza kuti talipira nde tikuchapiranji, koma ine ndinaona kuti nzoyenera, matope amadya nsalu ndi zingwe, komanso amanyamula tizilombo kuchoka phanga lina kupita lina. Matenda a mileme otchedwa white-nose syndrome, omwe anaoneka koyamba ku New York mu 2006, apha mileme mamiliyoni ku North America, ndipo chimodzi mwa zomwe anthu a mapanga amapemphedwa ndi kutsuka zovala ndi zipangizo kuti asafalitse. Za kusasokoneza mileme anatiuza bwino, osaiunika kumaso, osapanga phokoso pomwe yagona. Chomwe sanatchule olo kamodzi ndi mbali ya ife anthu. Ndowe za mileme zikaunjikana zimatha kukhala ndi kafangasi koyambitsa matenda a histoplasmosis, umakapuma ndi fumbi, ndipo zizindikiro zake, kutentha thupi, chifuwa, kufooka, zimabwera patadutsa masiku 3 mpaka 17, nthawi yoti waiwala kale za phanga ukuganiza kuti ndi chimfine wamba. Ambiri amachira okha, koma kwa munthu yemwe chitetezo cha m'thupi mwake ndi chotsika ndi nkhani yaikulu. Phanga lathu linali lonyowa ndipo mileme tinaona yochepa, komabe kalabu yomwe imatenga anthu atsopano chaka chilichonse imayenera kuika mzere umodzi pa uthenga wotsanzika, woti mukadwala m'masabata awiri atatu akubwerawa muwauze adokotala kuti munalowa m'phanga. Ndinawalembera zimenezi pa fomu ya ndemanga pamodzi ndi za jinzi, za kiyi ndi za kugawa gulu, mlembi wawo wayankha kuti akambirana ku komiti teremu ikubwerayi asanatsegule kalembera wa maphunziro otsika m'mapanga ndi chingwe.